Ndinaba Agogo a Eni Ake

1

Anthu amaba nkhuku, ena amaba njinga. Ine Wyson Makina, mphunzitsi wa mbiri yakale pa sekondale ina yoyendera cha kwa Kaduya, ndinaba agogo. Agogo athunthu, ndi dzina lawo, ndi misozi yawo yomwe. Ndikulemba izi chifukwa nkhaniyi ikuyenda kale m'maminibasi a ku Phalombe, ndipo aliyense akuithira mchere wakewake. Bola muimve kwa mwini manyazi.

Kuti mundidziwe bwino, ndine munthu wa zaka makumi anayi, wosakwatira, wokonda tayi ngakhale kutenthe chotani. Ndili ndi makutu otambalala moti ana asukulu amanditcha Dishi ndikapotoloka. Amaganiza kuti sindimva. Ndi makutu amenewa?

Zinayamba Loweruka lina m'mwezi wa Meyi. Aphunzitsi a mbiri yakale a masukulu anayi a dera lathu tinakumana kuti tikambirane mutu umodzi womwe unkatigwetsera ana pa mayeso: malonda a akapolo. Anaitanitsa msonkhanowo anali Madamu Rozaria, mphunzitsi watsopano wochokera ku Zomba, mkazi wolankhula modekha koma wosabwerera m'mbuyo. Nditangomuona ndinakonza tayi kawiri.

"Anawa amaloweza zaka ndi mayina a azungu, kenako n'kuiwala," anatero Madamu Rozaria. "Linga la Fort Lister lili pamphuno pathu pomwe, pakati pa Mulanje ndi Michesi. Anthu ankadutsa pamenepo atamangidwa. Koma kwa ana athu ndi malo ongotolako nkhuni basi."

A Goodman, mphunzitsi wachikulire wa sukulu ya kwa Mkhumba, anaseka. "Ine ndinafunsa m'kalasi kuti goli n'chiyani. Wina anaimika dzanja n'kunena kuti ndi la mpira."

Madamu Rozaria anati tigwirane manja. Titole nkhani za m'mabanja mwathu momwemu, tilembe phunziro limodzi la masukulu onse anayi, kenako ana achite sewero pa linga pomwepo. Anatiyang'ana mmodzimmodzi.

"Alipo amene kwawo kuli nkhani yotere?"

"Ife makolo athu anachokera ku Mozambiki," anatero a Goodman. "Zathu ndi za zikoti za Apwitikizi ndi thangata. Koma za ukapolo, Madamu, simumupeza wovomera. Ogula alibe zidzukulu, ogulidwa alibenso zidzukulu. Kaya tonsefe tinachita kugwa kumwamba."

Madamu Rozaria anayamba kutseka kope lake mokhumudwa. Ndipo ine, pofuna kuti maso ajawo ayang'ane kwa ine kamodzi kokha, ndinakhosomola n'kuimirira.

"Kwathu ilipo," ndinatero.

2

Ndinaifotokoza bwino, ndisaname. Pazimenezo Mulungu anandipatsa.

"Agogo awo a agogo anga anagwidwa ali kamtsikana, kutali kumadzulo, atapita kokatunga madzi. Anawaika pa goli, ulendo wa kunyanja yamchere. Atafika pampata wa Michesi, mwendo unatupa. Amalondawo anaona kuti katunduyu safika, ndiye anawasinthanitsa ndi madengu awiri a mapira kwa munthu wina wa minda yambiri. Dzina lawo lenileni palibe amene analifunsa. Anangowatcha Chotola."

Apa ndinapumira pang'ono, monga amachitira abusa.

"Analibe mfunda. Analibe malume woti n'kuwalankhulira. Ana amene anabereka anali a mwini nyumbayo, kuwagwiritsa ntchito mmene wafunira. Ndipo mpaka kufa kwawo sanavalepo mkanda m'khosi. Ankati khosi lawo linasenza kale zokwanira. Mpaka lero ana aakazi a mbumba imeneyo savala kanthu m'khosi."

Nditakhala pansi ndinaona Madamu Rozaria akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. A Goodman anangoti, "Mayo ine."

Mawu onse amene ndinanena anali oona, kupatula amodzi okha: "anga."

"A Makina," anatero Madamu Rozaria titatuluka, "amuna ambiri akanabisa. Inu mwaima pagulu n'kunena kuti ndine mdzukulu wa kapolo. Sindinaonepo kulimba mtima kotere."

Panali mpata wonena zoona pamenepo. Ndinauona bwinobwino mpatawo, ndipo ndinaulambalala ngati chithaphwi.

"Munthu asamachite manyazi ndi kumene anachokera, Madamu," ndinayankha, ndikuyang'ana kuphiri ngati munthu wozama.

3

Miyezi iwiri yotsatira inali yokoma kuposa yonse ya moyo wanga. Loweruka lililonse tinkakumana kulemba phunziro lija. A Goodman anajambula mapu a njira za akapolo pa thumba la ufa lotambasula. Madamu Rozaria analemba mafunso oti ana akafunse akuluakulu kwawo. Ine ntchito yanga inali kukhala mdzukulu wa Chotola, ndipo ndinkaigwira mokhulupirika. Ankandiitana m'masukulu onse anayi. Ana omwe ankagona m'kalasi mwanga anayamba kukhala kutsogolo.

Vuto la nkhani yobwereka ndi loti umafuna kuikongoletsa. Ndinawonjezamo fisi amene Chotola anamuthamangitsa ndi chikuni. Ku sukulu yachitatu afisiwo anakhala awiri.

"A Makina," anandinong'oneza a Goodman, "afisi anuwa akuswana msanga. Pofika tsiku la sewero tidzafunika alenje."

Ndinaseka nawo.

Za Madamu Rozaria zinayenda mwa ubwino wake. Tinayamba kuperekezana pamsewu wafumbi, iye akukankha njinga yake, ine ndikukankha mbiri yanga. Anasiya kunditcha a Makina, ndinakhala a Wyson. Tsiku lina tikudya chinangwa chootcha pamsika ndinamufunsira, ndipo sanakane.

"Koma ndikufuna kudziwa abale anu," anatero. "Mwini mbumba ndani kwanu?"

"Amalume anga, a Eneya. Amayi anatisiya kale."

"Tipite tikawajambule mawu. Nkhani ya Chotola imveke kuchokera pakamwa pa akuluakulu."

Ndinafulumira kuyankha. "Amalumewo samva bwino."

"Tidzakuwa."

"Amadwaladwalanso. Ndiponso nkhani imeneyi ikawakhudza amakomoka."

Amalume anga a Eneya sanakomokepo chibadwire. Ndi munthu woti amapalasa njinga kuchoka kwathu kukafika ku Migowi atasenza matumba awiri a nandolo, n'kukangana ndi ogula mpaka dzuwa kupendeka. Koma Rozaria anangogwedeza mutu mwachisoni, ine n'kuyesa kuti nkhani yatha.

4

Wosewera Chotola anasankhidwa ndi a Goodman kuchokera ku sukulu yawo. Anali mtsikana wa Fomu 3, dzina lake Miracle, wamtali, wosaseka wamba, wovala duku nthawi zonse. Pokonzekera sewero ankangomva mawu kamodzi n'kuwasunga. Akayenda atasenza goli lathu lansungwi, ngakhale anyamata ovuta ankakhala chete.

Tsiku lina masana tikuyeserera pabwalo, Rozaria anabweretsa mkanda wofiira. Ankafuna kuti poyamba Chotola aoneke atavala mkanda kwawo, kenako amalonda aja audule.

Mtsikanayo anabwerera m'mbuyo. "Pepani Madamu, sindingavale."

"Ndi sewero chabe, mwanawe."

"Kwathu sitivala za m'khosi."

Rozaria anamwetulira, kuyesa kuti mwanayo walowa kwambiri m'sewero. Ine choko chinandipulumuka m'manja. Padziko lonse lapansi ndinkadziwa mbumba imodzi yokha yosavala za m'khosi.

Titaweruka, Miracle anatsalira. Anaima patali pang'ono, manja kumbuyo, mwaulemu wake.

"Aphunzitsi, ndifunse nawo?"

"Funsa."

"Nkhani ya Chotola munaimva kwa yani?"

"Kwa... akuluakulu."

"Chifukwa amayi anga amaifotokoza chimodzimodzi. Mwendo wotupa, madengu awiri a mapira, zonse. Koma za afisi iwo sazidziwa." Anandiyang'ana m'maso. "Ndiye kuti ndife pachibale?"

Munthu wanzeru akanafunsa dzina la amayi ake. Ine sindinafunse, chifukwa ndinkaopa kuti andiuza.

"Mbiri yakale ndi yotakata, mwanawe," ndinatero. "Anthu ambiri anakumana ndi zofanana. Thamanga, mvula ikubwera."

Unali mwezi wa Julaye, kumwamba kuli mbee.

Ndikanatha kuimitsa seweroli. Ndinaganiza zodwala, ndinaganiza zopempha kusamutsidwa kupita ku Chitipa. Koma makalata oitanira makolo anali atapita kale, ndipo dzina langa linali pamwamba, lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu. Ndinaliyang'ana dzinalo n'kuona kuti likuoneka bwino kwambiri moti silingafufutidwe.

5

Tsikulo linafika, Lachisanu lowala bwino. Ana anabwera pa malole awiri, makolo wapansi ndi panjinga. Tinakhala pa udzu pafupi ndi zipupa zakugwa za linga lija, phiri la Mulanje uku, Michesi uku, mphepo ikudutsa pakati. Ine ndinavala suti ndi tayi yofiira. Anandikhazika kutsogolo.

Sewero linayenda bwino koposa. Miracle atagwa pansi ndi goli, mwendo atakulunga sanza, amayi ena anayamba kulira mokweza. Mwana wosewera wogula uja atabwera ndi madengu ake awiri, anthu anamukuwiza. Ine ndinkagwedeza mutu mwachisoni, monga mwini maliro.

Kenako Rozaria anaimirira, nkhope ikuwala.

"Makolo ndi ana, nkhani mwaonayi si yopeka. Ndi ya banja la aphunzitsi athu a Makina. Ndipo lero tawakonzera chinthu chomwe sakuchidziwa. Ndinapita ndekha kwawo kukaitana mwini mbumba. A Eneya, chonde bwerani kutsogolo."

Ndinatembenuka. Amalume anali kubwera, atavala jekete lawo la ku ukwati, akugwira anthu chanza njira yonse ngati phungu. Rozaria anali atangowauza kuti mphwawo akulemekezedwa chifukwa cha mbiri ya banja, ndipo iwo sanafunse zambiri. Ulemu saukana amalume.

"Bambo," anatero Rozaria mokweza, pokumbukira kuti samva, "tiuzeni mawu pang'ono, inu monga mdzukulu wa Chotola."

"Musakuwe mayi, ndikumva. Mwati mdzukulu wa yani?"

"Wa Chotola. Kapolo uja."

Amalume anayang'ana Rozaria, anayang'ana ine, kenako anavula chipewa n'kuchimenyetsa pabondo.

"Ndani kapolo? Ine? Iwe Wyson, ndi zimene ukuuza anthu kuno? Mayi, ife sitinagwidwepo ndi munthu! Chotola anagulidwa ndi agogo athu. Madengu awiri ajawo anali mapira athu! Ine ndimaombera m'manja muja ndimayesa mukulemekeza agogo, poti anali munthu wachuma!"

Ngakhale mphepo ija inaima kuti imve nawo.

Pamenepo mayi wina anaimirira kumbuyo, pakati pa makolo. Wochepa thupi, chitenje chobiriwira, khosi lopanda kanthu. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri zinali zitapita, koma ndinamudziwa asanatsegule pakamwa.

"Akunena zoona bambowo," anatero, osakweza mawu. "Chotola si wa kwa a Makina. Ndi agogo awo a agogo anga. Dzina langa ndine Belita, mayi wake wa mwana wasewerayu. Nkhaniyi a Wyson ndinawauza ndine, kalekale. Ndinabwera kuti ndidzaone ngati aisunga bwino. Aisunga ndithu, angosintha mwini wake."

Akanathera pomwepo Belita, ndipo ankafuna kuthera pomwepo, chifukwa anali atayamba kukhala pansi. Koma amalume anga sadziwa poima.

"Belita? Belita wa kudambo uja?" Analoza Miracle. "Ndiye mimba ija ndi imeneyi? Si tinamalizana kalekale kuti Wyson sangalowe m'nyumba ya akapolo athu?"

Miracle anali ataima pakati pa bwalo, goli lansungwi likadali paphewa. Duku lake linali litagwa pa sewero muja. Anthu mazana atatu anayang'ana makutu ake, kenako anayang'ana anga.

"Ambuye Yesu," anatero a Goodman chapansipansi. "Zaka zitatu ndikumuphunzitsa mwanayu, osaona."

Mtsikanayo anatula golilo pansi bwinobwino, ngati chinthu chobwereka, n'kupita kukaima pambali pa amayi ake.

6

Tsopano ndikuuzeni zimene ndakhala ndikuzizemba kuyambira tsamba loyamba.

Kwathu, kumunsi kwa minda yathu, kufupi ndi dambo, kunali nyumba zinayi za mbumba ya Chotola. Palibe amene ankawamanga, palibe amene ankawamenya. Tinkapemphera tchalitchi chimodzi. Koma mvula yoyamba ikagwa ankayamba kubzala m'munda mwa amalume asanabzale mwawo. Pamaliro a kwathu iwo ndiwo ankatunga madzi ndi kutsuka mbale. Mawu oti kapolo sankatchulidwa masana. Ankatuluka pa mowa ndi pa nkhani za ukwati.

Belita ndinakula naye. Nditamaliza Fomu 4 tinayamba kukondana mobisa. Tsiku lina ndinamugulira mkanda wa pamsika, wotchipa, ndipo iye anaukana. Nditakwiya anandikhazika pansi pa mtengo wa mango n'kundiuza chifukwa chake. Anandiuza zonse, mmene amayi ake anamuuzira. Ndinalira tsiku limenelo. Ndinalumbira kuti ine si wofanana ndi abale anga.

Atatenga pakati ndinapita kwa amalume kuti akayambe za chinkhoswe. Anandiseka mpaka kutsokomola.

"Iwe ukakhale mkamwini kudambo? Uzikalimira anthu amene agogo ako anawagula? Ankhoswe ake tikakambirana ndi yani, poti alibe ndi mfunda womwe?"

Musawaunjikire mlandu wonse amalume. Sanandimange chingwe. Kalata yondiitana ku koleji ya uphunzitsi inali itafika sabata yomweyo, ndipo kunena zoona, mawu awo anandipeputsa. Anandipatsa chifukwa chothawira chomwe sichinali changa. Ndinakwera basi m'mawa osatsanzika. Nditabwera pa tchuthi ndinamva kuti Belita anasamukira kwa amayi ake aang'ono kwa Mkhumba, ndi kuti kunabadwa mwana. Sindinafunse ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi. Kuchoka pa sukulu yanga kukafika kwa Mkhumba njinga yakabaza sitenga maola awiri. Ine zinanditengera zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo sindinapite ndekha, anachita kundibweretsera.

Ndiye onani munthu amene ankaphunzitsa ana anu kuipa kwa ukapolo. Mkazi ndinamukana chifukwa cha agogo ake, kenako agogo omwewo ndinawatenga kukafunsirira mkazi wina.

7

Lolemba lake Rozaria anandipeza m'kalasi ana atatuluka. Sanakhale pansi.

"A Makina," anatero. Ndinali nditabwerera pa a Makina. "Bodza lija mwina ndikanakhululuka. Amuna mumanama pofunsira, ena amati ali ndi galimoto. Koma mwana uja anakufunsani maso ndi maso ngati muli pachibale, inu n'kumuuza kuti mvula ikubwera. Wandiuza yekha."

"Ndinachita mantha, Rozaria."

"Iyenso anachita mantha, koma anafunsa."

Anatuluka. Za ukwati zinathera pomwepo.

Loweruka ndinapita ku msonkhano wathu wa aphunzitsi nditalemba kale kalata yotula pansi udindo. Ndinavala malaya opanda tayi, kuti aone kuti ndalapa. A Goodman anaiwerenga kalatayo n'kuipinda kanayi.

"Mukufuna kuthawanso kachiwiri? Ayi, a Makina. Ana anga sabata yonseyi sakukamba china. Wina wandifunsa kuti, ngati buku likuti ukapolo unatha kalekale, nanga a Eneya aja amanena chiyani? Funso limenelo ndalidikira zaka makumi awiri. Tinkasowa mdzukulu wa wogula, tsopano tamupeza. Muziyenda m'masukulu monga kale, koma muzinena mbali yanu yeniyeni."

"Nanga ya Chotola anene ndani?" ndinafunsa.

"Eni ake," anayankha Rozaria, osandiyang'ana. "Ngati angalole. Ndipo wokawapempha ndinu."

8

Belita ndinamupeza pakhonde la sitolo ina kwa Mkhumba, akusoka yunifolomu pa makina. Sanaimitse phazi.

"Mwabwera kudzatenga chiyani china, a Wyson? Agogo ndinali nawo amodzi omwe aja."

"Ndabwera kudzapepesa."

"Kwa ine mwachedwa. Ndinalira chaka chimodzi, kenako ndinaona kuti mwana akufuna phala." Anadula ulusi ndi mano. "Zoti ndikafotokoze nkhaniyi m'masukulu ndamva kale. Ndidzapita, osati chifukwa cha inu. Ndatopa ndi kunong'ona nkhani ya agogo anga ngati kuti anaba ndi iwo. Koma pali chinthu chimodzi."

"Nenani."

"Chotola sanaikidwe kumanda a kwanu. Anamuika kunja, m'mphepete mwa munda wa amalume anu, pamene pali chulu. Chaka chilichonse amabzalapo nandolo. Mukalambule, muikepo miyala, anthu adziwe kuti pagona munthu."

Ndinapita Loweruka lotsatira m'mawa, ndi khasu lobwereka. Amalume anatuluka akukuwa kuti ndalodzedwa, kuti ndikuchititsa manyazi mtundu, kuti nandoloyo ndilipira. Anthu anasonkhana. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinawayankha.

"Amalume, mtundu ndinauchititsa kale manyazi pa linga paja, ndipo munandithandiza. Apa ndikungolambula."

Anandilavulira pafupi ndi phazi n'kubwerera kunyumba. Mpaka lero sitilankhulana.

Manja a choko sadziwa khasu. Pofika pakati pa m'mawa matuza anali ataphulika. Nditaweramuka ndinaona Miracle ataima pamzere wa munda, amayi ake ali chapatali ndi abale awo a kudambo. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mukugwira khasu ngati cholembera, aphunzitsi," anatero.

Anabwera n'kuyamba kutola miyala. Tinagwira ntchito mpaka tinazunguliza malo onse. Kenako anapukuta manja pa siketi.

"Ndifunsenso funso limodzi. Koma lero musandiuze za mvula."

"Funsa."

"Chikhala kuti sewero lija kunalibe, mukanandifunafuna?"

Bodza linafika pakamwa msanga, lokongola bwino, la liwu limodzi lokha. Ndinalimeza.

"Ayi," ndinatero. "Sindikanakufunafuna. Ndinali nditazolowera."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Maso ake anadzaza, koma sanalole kuti misozi igwe pamaso panga.

"Chabwino," anatero. "Mukanati eya, sindikanadzakulankhulaninso."

Anapita kwa amayi ake. Atayenda pang'ono anatembenuka.

"Lachitatu tili ndi mayeso a mbiri. Mapu a a Goodman sindikuwamvetsa. Mukhoza kubwera kusukulu masana."

9

Phunziro lathu likuyendabe, ndipo masukulu ena awiri apempha kulowa nawo. Belita amalankhula koyamba, ataima, manja ali pamimba, ndipo ana samatsokomola n'komwe. Ndikaimirira ine kunena kuti agogo anga anagula mwana wodwala ndi mapira, ndi kuti ine ndinakana mwana wanga chifukwa cha zomwezo, palibe amene amaomba m'manja. Poyamba zinkandiwawa. Rozaria amakhala kumbuyo akulemba mafunso a ana, ndipo chaka chamawa akukwatiwa ndi mkulu wina wa zaulimi, munthu wabwino, ndamufufuza.

Miracle amanditchabe aphunzitsi. Sindimukakamiza. Dzina linalo ndinalisiya ndekha pa siteji ya basi, ndipo woti andibwezere ndi iyeyo, pa nthawi yake, ngati angafune.

Inu owerenga, mwaseka mokwanira, ndipo ndakulolani. Koma musanatseke magaziniyi, ganizirani za kumudzi kwanu. Ndi nyumba iti imene anyamata a kwanu amaletsedwa kukafunsirako, popanda wonena chifukwa chake? Ndani amatsuka mbale pa maliro anu onse, inu osatsukapo pa awo? Mukapita pa tchuthi kafunseni akuluakulu, ndipo mukafunse masana, pagulu. Mwina mudzapeza kuti kwanu munagulidwa, mwina mudzapeza kuti munagula. Chimene mwapezacho chitengeni chomwecho, ngakhale chikhale chonyansa. Ine ndinasankha mbali yokoma ya nkhani ya eni ake, ndipo mwana wanga anakula mtunda wa maola awiri kuchokera pakhomo panga, akuuza anzake kuti bambo ake anamwalira.